Nyumba yowala pa foni, yamdima ku Mponela

Aliyense amene wadutsa pa Mponela kapena pa Madisi zaka zaposachedwapa waona mmene njerwa zikukwerera m'mbali mwa msewu wa M1. Pali malo ogona alendo, maholo a ukwati, mashopu, matchalitchi ndi sukulu zomwe si zaboma. Eni ake ambiri masiku ano salandira pulani ya mizere yokhayokha. Wojambula mapulani amawatumiziranso pa WhatsApp chithunzi chopangidwa pa kompyuta, chooneka ngati nyumbayo yatha kale, kapinga wamera, galimoto yaima pakhomo. Ndipo chimene chimamasula chikwama cha mwini nyumba nthawi zambiri ndi chithunzi cha usiku: khonde likuwala bwinobwino, kuwala kukutsetsereka pamakoma, m'holo muli ngwee paliponse.

Nyumba ikatha, tsiku loyatsa magetsi limabwera ndi zake. Pansi pa babu pali mbee, m'makona muli bii. Wokhala kutsogolo nyali ikumuthobwa m'maso, wokhala kumbuyo sakutha kuwerenga pulogalamu ya mwambo. Mwini nyumba amalozera chala wamagetsi, wamagetsi amayankha kuti iye anangoika mababu pamene pulani inanena. Onse awiri sadziwa kuti zinthu zinasokonekera kale, maziko asanakumbidwe, pamene wojambula uja ankasankha kafayilo kena kakang'ono pa kompyuta yake.

Fayilo imeneyi akatswiri amaitcha IES. Imafotokoza khalidwe la nyali imodzi: ikayaka, kuwala kwake kumalowera kuti, ndi kochuluka bwanji mbali iliyonse, ndipo kumathera pati. Mapulogalamu opangira zithunzi za nyumba monga V-Ray, Enscape, Lumion, Twinmotion ndi Blender amawerenga fayiloyi n'kuyatsa nyali ya pa chithunzi monga mmene nyali yeniyeni ingayakire. Wojambula akasankha fayilo ya nyali imene mwini nyumba adzagule, chithunzi chimanena zoona. Akasankha ina iliyonse chifukwa choti yakongola, ndiye kuti wamugwiritsa mwini nyumba fuwa la moto, ngakhale iye sanafune kutero.

Madzi omwewo, kathiridwe kosiyana

Mlimi wa fodya wa ku Nambuma kapena ku Chinthembwe sangavutike kumva nkhaniyi. Kheni yothirira nazale ikhoza kukhala ndi madzi omwewo, koma mukachotsa mutu wa timabowo uja madzi onse amagwera malo amodzi n'kukumba dothi, pamene mukaubwezera amamwazika pabedi ponse. Madzi onse a m'kheni ndiwo ma lumen amene amalembedwa pa katoni ya babu. Mphamvu imene akutulukira kulowera mbali imodzi ndiyo ma candela. Chinyontho chimene chafika pa mbande ndicho ma lux, kutanthauza kuwala kumene kwagwera pa desiki, pa tebulo kapena pansi.

Ife tinazolowera kugula babu pofunsa ma watt. Koma ma watt amangotiuza magetsi amene babu likudya. Babu lakale lija lotentha la ma watt 60 linkatulutsa ma lumen pafupifupi 800, ndipo babu labwino la LED limatulutsa omwewo ndi ma watt 9 okha. Ngakhale ma lumen sanena zonse. Nyali ziwiri za ma lumen 800 zikhoza kusiyana kotheratu, ina n'kumaunika kachigawo kochepa ka pansi mwamphamvu, ina n'kumawalitsa chipinda chonse pang'onopang'ono. Kusiyana kumeneku ndi kumene fayilo ya IES imasunga.

Dzinali linachokera ku bungwe la Illuminating Engineering Society, lomwe linakhazikitsidwa ku New York mu 1906. Mu 1986 bungweli linatulutsa muyezo wotchedwa LM-63 kuti makampani onse azilemba zotsatira za kuyeza nyali m'njira imodzi, ndipo muyezowu unakonzedwanso mu 1991, 1995, 2002 ndi 2019. Ku Ulaya kuli mtundu wina wotchedwa EULUMDAT, umene Axel Stockmar wa ku Germany anaubweretsa mu 1990, ndipo mafayilo ake amathera ndi zilembo LDT. Manambala a m'mafayilo onsewa amachokera m'chipinda cha mdima wandiweyani, cha makoma akuda, mmene muli makina otchedwa goniophotometer. Makinawa amazunguza nyali, kapena kalilole, pang'onopang'ono, uku kachipangizo koyezera kakulemba mphamvu ya kuwala pa ngodya iliyonse.

Itseguleni muone

Chimene ojambula ambiri achinyamata sachita ndi kutsegula fayiloyo. Sipafunika pulogalamu yodula ayi. Notepad yomweyi imaitsegula, chifukwa mkati mwake muli malemba wamba, ndipo kukula kwake sikungathe ngakhale kabandulo ka tsiku limodzi.

Mzere woyamba umanena muyezo umene unatsatidwa, mwachitsanzo IESNA:LM-63-2002. Pansi pake pamabwera mizere yoyamba ndi mawu monga TEST, TESTLAB, ISSUEDATE, MANUFAC ndi LUMCAT. Imeneyi ikukuuzani nambala ya mayeso, labu imene inayeza, tsiku lake, kampani yopanga nyaliyo ndi nambala yake m'katalogi. Kenako pali mzere wa TILT, umene kawirikawiri umakhala TILT=NONE, ndipo apa manambala amayamba. Yoyamba ndi chiwerengero cha mababu m'nyalimo, yachiwiri ndi ma lumen a babu lililonse. Mukapeza -1 pamenepa musadabwe, ndi mmene amalembera nyali za LED zimene zinayezedwa zathunthu, babu ndi chigoba chake pamodzi. Yachitatu ndi nambala yochulukitsira mphamvu zonse za m'fayilo. Patsogolo pang'ono pali nambala yonena ngati miyeso ili m'mafiti kapena m'mamita, kukula kwa malo otulukira kuwala, ndi ma watt amene nyali imadya. Zotsalazo ndi mndandanda wa ngodya ndi ma candela ake.

Kuwerenga zimenezi kumatenga mphindi ziwiri, koma kumaulula zambiri. Fayilo yopanda dzina la kampani, yopanda labu, yopanda tsiku, ndi fayilo yosadziwika kwawo. Pa intaneti pali nkhokwe za mafayilo a IES masauzande ambiri aulere, ndipo iliyonse imaonetsedwa ndi kachithunzi ka kuwala kwake pa khoma lakuda. Maso amathamangira kumene kuli timizere topindapinda, kuwala kosanjikana ngati kojambula dala. Zambiri mwa zokongolazi ndi za nyali zakale za halogen zokhala ndi kalilole mkati, zimene sizipezekanso wambawamba, ndipo zina anazikonza pamanja anthu opanga makanema ndi magemu. Kwa iwo palibe vuto, chifukwa nyumba zawo sadzagonamo munthu. Nyumba ya ku Malomo mudzagona anthu.

Chofunika kuyang'ana kwambiri kuposa kachithunzi kokongola ndi chojambula chozungulira chimene chimatsagana ndi fayilo. Nyali ili pakati, ndipo mzere wozungulira ukuonetsa mphamvu ya kuwala mbali iliyonse. Mzerewo ukakhala wowonda ndi wautali kulozera pansi, nyaliyo ndi yolunjika malo amodzi, mwina ngodya ya madigiri 15 kapena 24, yoyenera kuunikira guwa, chikwangwani kapena katundu wa pa shelefu. Ukakhala wonenepa, wofika madigiri 100 kapena kuposa, ndi nyali yomwaza kuwala, yoyenera chipinda cha denga lalifupi. Ukatambasukira mbali ziwiri pakati n'kuchepa, ndi yoyenera m'kalasi ndi mu ofesi, chifukwa imalola kutalikitsa nyali popanda kusiya mdima pakati. Ukapendekera mbali imodzi, ndi ya bolodi, khoma kapena msewu. Mbali ina ya mzerewo ikakwera pamwamba pa nyali, dziwani kuti kuwala kwina kukupita kudenga. M'chipinda cha siling'i yoyera kumabwerera pansi n'kuthandiza. Pansi pa malata opanda siling'i, odetsedwa ndi utsi ndi fumbi, kwambiri kumangotayika.

Pali zina zimene fayilo ya IES sinena n'komwe. Mtundu wa kuwala mulibemo. Wojambula amaika yekha, ndipo ambiri amakonda kuwala kofiirira kwa 2700K kapena 3000K chifukwa kumakometsa chithunzi, pamene mababu ambiri a m'mashopu athu ndi oyera mbuu aja a 6500K. Fayilo sinenanso ngati nyali imaphethira, ngati imaonetsa bwino mitundu ya nsalu ndi khungu, kapena mmene idzachitire magetsi akabwera ofooka.

Pamene chithunzi chimanamira

Ngakhale fayilo ikhale yolondola, pali timabatani tiwiri timene tingaononge zonse. Koyamba ndi kochulukitsira mphamvu ya nyali. Chipinda chikaoneka chakuda, dzanja limathamangira kukweza nambala kuchoka pa 1 kufika pa 5 kapena 10, ndipo kuyambira pamenepo nyali ya pa chithunzi siilinso nyali ya m'sitolo. Kachiwiri ndi kamera ya m'pulogalamu, imene ingatsegulidwe mpaka kandulo imodzi kuoneka ngati yawalitsa holo yonse. Diso la munthu woona pa foni silingadziwe kuti izi zachitika.

Mankhwala ake alipo, ndipo ndi aulere. Pulogalamu ya DIALux yochokera ku kampani ya DIAL ya mumzinda wa Lüdenscheid ku Germany, komanso ya Relux ya ku Switzerland, zimatenga fayilo yomweyo n'kuwerengera ma lux pa malo alionse a chipinda. Zimatulutsa chithunzi cha mitundu yosonyeza powala ndi pamdima, chosakongola konse, koma chosanama. Kwa ine, wojambula amene wapereka chithunzi cha usiku popanda pepala la ma lux limeneli wagwira theka la ntchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi kalasi ya mamita 9 m'litali ndi 7 m'lifupi, imene ophunzira a Fomu 4 amawerengeramo usiku pokonzekera mayeso a MSCE. Malo ake ndi masikweya mita 63. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 12464-1 kwa zaka zambiri unkafuna ma lux 300 pa madesiki a m'kalasi wamba, ndi 500 pa bolodi komanso m'makalasi a usiku. Titenge 300 yomweyo. Pamafunika ma lumen 18,900 ofika pa madesiki. Koma kuwala kotuluka m'nyali sikufika konse pa desiki, chifukwa kwina kumamwedwa ndi makoma ndi denga, kwina kumachepa nyali ikamakalamba ndi kuchita fumbi. Tikati pafupifupi theka ndilo lifike, tikufunika ma lumen oyandikira 40,000, omwe ndi machubu a LED 22 a ma lumen 1,800 lililonse, odya ma watt pafupifupi 400 onse pamodzi. Tsopano lowani m'kalasi imene ili ndi mababu anayi a ma lumen 800. Pa desiki pakufika ma lux osaposa 25. Mwana akuwerenga, inde, koma maso akulimbana. Pa chithunzi cha kompyuta, mababu anayi omwewo akhoza kuoneka ngati masana.

Kutalika kwa denga nakonso kumadya kuwala mofulumira kuposa mmene ambiri amaganizira. Nyali yoponya ma candela 1,000 pansi, ikakhala mamita 2 pamwamba pa tebulo imapereka ma lux 250. Muikweze kufika mamita 4, yatsala ndi ma lux 62 okha. Komiti ya tchalitchi imene yasankha denga lalitali, lomwe ndi labwino pa mpweya ndi pa kwaya, iyenera kudziwa kuti mababu a m'nyumba sadzathandiza pamenepo.

Makoma nawo ali ndi gawo. Khoma lopakidwa laimu kapena penti yoyera limabweza gawo lalikulu la kuwala kogwera pa ilo, pamene njerwa yootcha yosapaka pulasitala imabweza kochepera gawo limodzi mwa magawo atatu. Nthawi zina ndowa ziwiri za penti yoyera zimachita zimene mababu owonjezera akanachita, ndipo sizidya batire.

Usiku wa kumapiri

Nkhaniyi ikanakhala ya anthu a m'tauni okha dziko lathu likanakhala ndi magetsi otaya. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo oposa theka ankadalira matochi a mabatire. Amene ali pa waya wa ESCOM akukumbukira zimene zinachitika namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130 nthawi imodzi. Ambiri anathamangira ku sola ndi ma inveta, ndipo pamenepo anaphunzira kuti watt iliyonse ili ndi mtengo wake pa batire.

Ku Ntchisi anthu akudziwa bwino zimenezi. M'dera la Mfumu Yaikulu Kasakula, bungwe la SolarAid linayamba mu 2021 kuika sola m'nyumba 500, mabanja n'kumalipira pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito m'malo mogula zipangizo. Pofika mu 2025 bungweli linalengeza kuti lafikira mabanja onse a m'deralo, pafupifupi 9,000. Zipangizo zotere zimakhala ndi nyali zochepa ndi potchajira foni. Mphamvu zake ndi zowerengeka, choncho funso loti nyali ipachikidwe pati, pamwamba bwanji, ndipo iponye kuwala kuti, ndi lalikulu kwambiri kumeneko kuposa m'hotela ya ku Lilongwe. Wopanga pulani ya chipinda chochilira amayi, ya nyumba ya mphunzitsi kapena ya laibulale m'dera ngati ili, akagwiritsa fayilo ya nyali ya ma watt 40 ya ku Ulaya, wajambula nyumba imene batire lake lidzatha anthu asanagone.

Mapiri a ku Ntchisi ali ndi zofuna zawozawo. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, m'nyengo yozizira n'kulowa msanga kuposa apo. Miyezi ya mvula mitambo imaphimba mapanelo masiku otsatizana. Nkhungu ya m'mapiri a Ntchisi imabweza kuwala koponyedwa m'mwamba ndi m'mbali, moti nyali yapanja yosaphimbidwa imangowalitsa nkhunguyo njira n'kukhala yosaoneka. Nyali yoyenera pamenepo ndi imene mzere wake wonse uli pansi. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimadzaza pa nyali, ndipo tizilombo timakonda kwambiri kuwala koyera mbuu kuposa kofiirira, chinthu choyenera kuchiganizira pa khonde lodyerapo alendo. Nyali yapanja iyeneranso kukhala yosalowa fumbi ndi madzi, ndipo pa katoni pake pamalembedwa IP65 kapena kuposa.

Nyumba zakale za ku Dowa ndi Ntchisi zimatikumbutsa zina. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Kongwe mu 1894, ndipo nyumba imene lero ndi Ntchisi Forest Lodge inamangidwa mu 1914. Zonsezi zinamangidwa kulibe magetsi, choncho zenera ndi khonde ndizo zinkalamula kuwala. Mapulogalamu omwewa amene amawerenga mafayilo a IES amathanso kuwerengera kuwala kwa dzuwa, ndipo ndikanakonda ojambula athu atamayambira pamenepo asanafike pa babu. M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi muli chinanso choyenera kusunga, mdima weniweni ndi nyenyezi zake. Mwezi wathunthu sufika ngakhale lux imodzi, koma anthu amayenda nawo. Njira yopita ku chipinda cha alendo sifunika nyali ya pabwalo la mpira.

Nanga babu la m'hadiweya?

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Makampani akuluakulu monga Signify, imene kale inali Philips Lighting, komanso Ledvance, ERCO, Zumtobel ndi BEKA Schréder ya ku South Africa, amapereka mafayilo a nyali zawo kwaulere. Koma nyali zambiri zimene zimadzaza mahadiweya a pa Mponela, pa boma la Ntchisi ngakhale mu msewu wa Malangalanga ku Lilongwe zilibe fayilo iliyonse. Zina zilibe ngakhale dzina la kampani lodziwika, ndipo manambala a pa katoni sakhala oona nthawi zonse.

Izi sizikutanthauza kuti wojambula angosankha chilichonse. Ayambe wapita kumsika asanatsegule kompyuta, aone chimene chilipo ndi chimene mwini nyumba angakwanitse. Kenako afune fayilo ya nyali yofanana nayo pa kapangidwe, chubu ku chubu, babu lozungulira ku babu lozungulira, ndipo atsitse ma lumen kufika pa amene akuwakhulupirira. Agule nyali imodzi, aipachike m'chipinda cha mdima pa mtunda wodziwika, ayeze pansi pake ndi m'mbali ndi kachipangizo koyezera ma lux. Ma app a pa foni amalakwitsa, koma amathandizabe kuyerekeza nyali ziwiri. Zimene wapezazo azilembe pa pulani: ma lumen, ngodya, mtundu wa kuwala, ma watt ndi kutalika kopachikira. Wamagetsi akaona mawu oti babu okha, sangaimbidwe mlandu pogula limene walipeza. Pa zipangizo za sola pali poyambira pabwino, chifukwa pulogalamu ya VeraSol imasindikiza zotsatira za mayeso a zipangizo zimene zinadutsa m'labu.

Luso limeneli silifuna chuma chambiri. Blender ndi yaulere ndipo yakhala ikuwerenga mafayilo a IES kuyambira mu 2019. DIALux ndi yaulere. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kunali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu Banda ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa kwawo, lero kukukhala anthu oposa 50,000 pa malo amene anakonzera anthu osaposa 12,000. Achinyamata akumeneko akuphunzira kale makompyuta m'malo monga TakenoLAB. Pa malo othinana chotero, nyali ya pa mjigo kapena ya njira yopita kuchimbudzi ikathobwa m'maso n'kusiya mdima kuseri kwa khoma, amene amavutika kwambiri ndi amayi ndi atsikana. Wachinyamata wa ku Dowa wodziwa kuwerenga chojambula chozungulira chija ali ndi ntchito pakhomo pomwepo.

Enanso ali ndi mbali yawo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards likhoza kufuna kuti oitanitsa nyali zambirimbiri azibweretsa zotsatira za mayeso a labu yodziwika, monga a LM-79 amene amagwiritsidwa ntchito pa nyali za LED, pamodzi ndi fayilo yake. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, povomereza mapulani a sukulu, zipatala ndi maholo, akhoza kufunsa pepala la ma lux monga amafunsira za zimbudzi ndi zitseko. Aphunzitsi a zomangamanga ku MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja asalole wophunzira kupereka chithunzi cha usiku asananene dzina la nyali imene wayatsa.

Inu amene mukumanga, kaya ndi ndalama za fodya, za soya kapena zotumizidwa kuchokera ku Joni, chithunzi chikafika pa foni yanu musathamangire kutumiza ndalama. Mufunseni wojambulayo kuti nyali imeneyi dzina lake ndi chiyani ndipo mukaigula sitolo iti, kuti pa tebulo padzafika ma lux angati, komanso kuti nyali zonse zikayaka pamodzi zidzadya ma watt angati. Mayankho akewo awalembe pa pulani ndi kusainira musanalipire gawo lomaliza.